Mbaula ya Chivundikiro: Zipangizo Zoyenera Kugula ndi Zoyenera Kusiya

M'chaka cha 1952 mkulu wina wa ku America, dzina lake George Stephen, amene anali kugwira ntchito pa kampani yosula zitsulo ya Weber Brothers Metal Works mumzinda wa Chicago, anadula pakati chitsulo chobulungira cha mtundu uja umene umayandama panyanja posonyeza njira ya zombo. Theka lina analiika miyendo itatu, theka linalo nalisandutsa chivundikiro, nabooleza mabowo olowera mpweya. Umu ndimo inabadwira mbaula yootchera nyama imene Azungu amaitcha kettle. Lero yafala m'maiko ambiri, ndipo Amalawi okhala ku Johannesburg amaidziwa bwino, pakuti ku South Africa tsiku la 24 September anthu ochuluka amalikondwerera pootcha nyama pabwalo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Munthu akangogula mbaulayi amapeza kuti m'sitolo muli zipangizo zina zambiri zimene ogulitsa amati n'zofunika, kotero kuti akati agule zonse, mtengo wake ungathe kuyandikira mtengo wa mbaula yeniyeniyo. Mphunzitsi kapena kalaliki wa m'boma, amene malipiro ake ali ndi pakamwa pambiri powadikira, ayenera kufunsa mafunso atatu asanatulutse ndalama: Kodi chipangizochi chiteteza moyo? Kodi chichepetsa makala? Kodi chitalikitsa masiku a mbaula?

ZOYENERA MTENGO WAKE

Choyamba ndicho choyezera kutentha cholasa m'kati mwa nyama. Nkhuku ingathe kupsa bwino kunja, koma pafupi ndi fupa ili yaiwisi, ndipo m'menemo ndimo mumatsalira tizilombo totsegula m'mimba. Boma la America limalangiza kuti nkhuku ifike madigiri 74 a Celsius m'kati mwake, nyama yogaya 71, ndipo nthuli za nkhumba 63, zitatero ziyambe zakhala mphindi 3 zisanadulidwe. Nkhumba yosapsetsa ingathenso kupatsa munthu njoka za m'mimba. Choyezera chimene chimakhala pa chivundikiro cha mbaula zina sichithandiza pa ntchito imeneyi, chifukwa chimayeza mpweya wotentha, osati nyama.

Chachiwiri ndicho chitini chokolezera makala, choboola pansi ngati chumuni. Makala amathiridwa pamwamba, mapepala nayatsidwa kunsi, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 moto wakolera. Potero parafini safunikanso, ndipo nyama sinunkha mafuta. Chipangizochi n'chabwino ndithu, koma mmisiri wokhoma zidebe pamsika angathe kuchipanga ndi lata lolimba pa mtengo wochepa.

Chachitatu ndicho chopanira chachitali, pakuti foloko imabaya nyama, ndipo dzanja limayandikira moto koposa muyeso.

ZOKOMA M'MASO ZOKHA

Pali madengu achitsulo osonkhanitsira makala m'mbali mwa mbaula, kuti nyama ipse pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha monga mu uvuni. Nzeru yake ndi yoona, koma munthu angathe kukankhira makala mbali imodzi, nachinga ndi njerwa, ndipo ntchito ikhala yomweyo. Mtanda wozungulitsa nkhuku umalira magetsi kapena mabatire, ndipo amene amaotcha nyama pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano pokha sadzaona phindu lake. Chimodzimodzinso mwala wophikira pizza.

Nsalu yophimbira mbaula ithandiza amene amaisiya pabwalo nyengo ya dzinja, koma amene ali ndi khonde kapena nyumba yosungiramo katundu saisowa konse. Chofunika koposa ndicho kutaya phulusa litazirala, chifukwa phulusa lonyowa limafulumiza dzimbiri. Burashi ya waya nayo ili ndi ngozi yake: timawaya timathothoka, timamatirira ku nyama, ndipo anthu ena agonekedwa m'chipatala atatimeza.

MAKALA NDI NKHALANGO

Nkhaniyi siithera pa thumba la munthu mmodzi ayi. Poumba uvuni wa dothi, wootcha makala amawononga makilogalamu 5 kufikira 10 a nkhuni kuti apeze kilogalamu imodzi ya makala. N'chifukwa chake Lamulo la Nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso cha Boma. Tsono chida chachikulu chosungira makala wogula amachilandira kale pamodzi ndi mbaula, ndicho chivundikiro ndi mabowo ake. Mabowo akachepetsedwa moto umayaka mofatsa. Akatsekedwa onse moto umazima wokha, ndipo makala otsala amadzagwiranso ntchito tsiku lina. Koma mbaulayi isalowe m'nyumba ili ndi moto, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha.

Choncho munthu wanzeru agule choyezera ndi chopanira, apangitse chitini chokolezera kwa mmisiri wa kwawo, ndipo zotsalazo aziyang'ane kawiri, pokumbukira kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndalama imene yapulumuka pamenepo ili ndi ntchito yake pa sukulu ya ana.