Khansa ya khomo la cibaliro: mlonda wa m'thupi akagwidwa, tipite kukapimitsa

Aliyense amene analimapo cinangwa kapena fodya adziwa kuti mbewu yodwala sitiisiya m'munda. Timaizula msanga isanapatsire zinzake. Thupi lathu nalonso limacita cimodzimodzi, ndipo pamene kuzula kumeneku kwalephereka ndi pamene khansa imayamba.

Thupi linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo. Selo ikaonongeka, imayenera kudzikonza kapena kufa kuti ina yabwino ilowe m'malo. Nchito imeneyi imayang'aniridwa ndi mapuloteni amene thupi limapanga lokha. Wamkulu pakati pao ndi p53, amene akatswiri anamutulukira mu 1979. Iye ali ngati mlonda: akaona selo yaonongeka kopitirira, amailamula kuti ife.

Mdani wa mlondayu ndi kacirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anaonetsa kuti kamayambitsa khansa ya khomo la cibaliro, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri, HPV 16 ndi HPV 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya matendawa. Kacirombo kakalowa m'selo, kamapanga mapuloteni akeake, E6 ndi E7. E6 amagwira p53 ndi kumuonongetsa, pamene E7 amamasula mabuleki amene amaletsa selo kuswana mosalekeza. Motero selo yodwala, m'malo mofa, imaberekana.

Amai ambiri akatenga HPV, thupi limakacotsa lokha. Koma kwa ena kamakhalitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo otere asanduke khansa, koma kwa amai amene citetezo cao ca m'thupi ndi cofooka, monga amene ali ndi HIV ndipo sali pa mankhwala, zingatenge zaka 5 mpaka 10 cabe. Likutinso mai amene ali ndi HIV ali pa ngozi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezi mai samva kupweteka. Amalima, amagulitsa tomato pa msika, amayimba m'kwaya. Pamene ayamba kutaya magazi pakati pa mwezi kapena pambuyo pokhala ndi amuna ao, nthawi zambiri matenda amakhala atakula.

Koma zaka zomwezi ndizo mwai wathu. Mu 2006 unduna wa zaumoyo, bungwe la CIDRZ ndi cipatala ca UTH anayambitsa nchito yopima amai m'makiliniki a boma mu Lusaka, motsogozedwa ndi a Dr. Groesbeck Parham ndi a Dr. Mulindi Mwanahamuntu. Nchitoyi inafika ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Njira yake ndi yapafupi. Nesi amapaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo amene maselo ayamba kusintha amaoneka oyera. Ngati malowo ndi aang'ono, amawaononga ndi kacipangizo koziziritsa kapena kotentha, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Nesi amacita nchito imene mlonda uja walephera. Amene matenda akula amatumizidwa ku madokotala aakulu, ndipo kucokera mu 2007 tili ndi cipatala ca khansa, Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH.

Palinso katemera. Anayamba kuyesedwa m'cigawo ca Lusaka mu 2013, ndipo mu 2019 anafalitsidwa m'dziko lonse. Amagwira bwino nchito mtsikana akalandira asanakumane ndi kacirombo, ndiye cifukwa cake amaperekedwa kwa ana a zaka 9 mpaka 14. Katemerayu saletsa kubereka, ndipo saphunzitsa mwana ciwerewere.

Tsono ife a m'mipingo tili ndi mbali yathu. Magulu a amai m'maparishi athu amadziwa kusonkha ufa ndi makala pa maliro. Tiyeni tiphunzirenso kuperekezana ku kiliniki munthu akali wamphamvu. Inu abambo, musawakanize amai a kunyumba cifukwa ca manyazi, popeza kacirombo aka nafenso amuna timakanyamula osadziwa. Inu a kumunda, mukabwera m'tauni kudzagulitsa mbewu, funsani kumene amapima. Mai aliyense wa zaka 25 kupita m'tsogolo apimitse, ndipo afunse anesi tsiku lobweranso.