Kugula Magetsi a Dzuwa Pangongole ku Kasina

Uthengawu ukudziwitsa alimi ndi amalonda a ku Kasina, m'boma la Dedza, momwe malonda a sola zapangongole amayendera. Wogula amapereka ndalama yoyamba, yotsalayo n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Akalipira amalandira nambala yotsegulira chipangizocho. Akalephera, magetsi amazima okha. Ngongole ikatha, sola imakhala yake.

Povuta ndi apa: mlimi wa kachewere ndi nyemba amagwira ndalama akakolola, pomwe ngongole imafuna malipiro ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee. Choncho ogulitsa afotokoze mtengo wonse wogula asanasaine, ndipo alimi alipiriretu miyezi ya njala akangogulitsa mbewu.