Magalasi oonetsa za m'thupi: nanga chinsinsi cha wodwala?

Tangoganizani dokotala akuchita opaleshoni ya msana atavala chipangizo chonga magalasi. Akayang'ana wodwala akuona thupi lake monga mwa masiku onse, koma pamwamba pake kompyuta yaikapo chithunzi cha mafupa a munthuyo, chomwe anamujambula kale. Luso limeneli pa Chingerezi amati augmented reality, ndipo madokotala a chipatala cha Johns Hopkins ku America analigwiritsa ntchito mu June 2020 poika zitsulo mumsana mwa wodwala.

Chaka chomwecho, Covid-19 itafika povuta, madokotala ena ku London ankavala chipangizo cha kampani ya Microsoft chotchedwa HoloLens. Mmodzi yekha ndiye ankalowa mu wodi, anzake n'kumaona zonse pa kanema ndi kumulangiza ali chipinda china. Kuno kwathu, kumene akatswiri ndi ochepa, luso lotere likhoza kuthandiza namwino wa kumudzi kulandira malangizo kuchokera ku Queens kapena ku Kamuzu Central.

Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kogwira mosasamala kamatema. Zipangizozi zimakhala ndi kamera komanso zojambulira mawu, ndipo zina, monga za Ray-Ban Meta, zimaoneka ngati magalasi wamba. Munthu akakulozetsani foni mumadziwa kuti akukujambulani. Wa magalasi amangokuyang'anani basi. Mu 2024 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard analumikiza magalasi otere ku pulogalamu yozindikira nkhope, ndipo ankapeza maina ndi kokhala kwa anthu omwe angokumana nawo panjira.

Tsono ganizirani muli pa mzere wolandira ma ARV, kapena mwana wanu wamkazi ali ku sikelo ya amayi oyembekezera. Chithunzi chikalowa pa intaneti, kuchibweza n'kosatheka.

Mpingo umaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ulemu wake chifukwa analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo kusunga chinsinsi cha wodwala ndi mbali ya ulemu umenewo. Dziko la Malawi nalonso linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu mu 2024.

Choncho wina akafuna kukujambulani kuchipatala, kaya ndi foni kaya ndi magalasi, mufunseni: chithunzichi chikupita kuti, achione ndani, chisungidwa mpaka liti? Muli ndi ufulu wokana. Inu a m'makomiti a zipatala zathu, kambiranani nkhaniyi panopa, zipangizozi zisanafike pakhomo.