Za pa 17 Meyi: aliyense ali ndi Dzaleka wake

M'bandakucha wa pa 17 Meyi 2023, apolisi adazinga madera ena a mumzinda wa Lilongwe n'kuyamba kugogoda m'makomo ndi m'mashopu a anthu othawa kwawo, makamaka a ku Burundi, Rwanda ndi DR Congo. Mazanamazana, ndi ana omwe, adakagona kundende ya Maula asanawatengere kumsasa wa Dzaleka, m'mapiri a ku Dowa. Kufika apa palibe wotsutsa. Mkangano umayamba tikafuna kuchipatsa dzina chochitikacho.

Boma limati lidangotsata lamulo. Dziko lino lidavomera pangano la 1951 loteteza othawa kwawo, koma lidakana kumangidwa ndi ndime zina, monga za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, kotero ndondomeko yake ndi yoti anthuwa azikhala mumsasa. Chenjezo lidaperekedwa mu 2021, nkhani idapita kukhoti, ndipo mu Malichi 2023 boma lidaika 15 Epulo kukhala tsiku lomaliza. Nduna yoona zachitetezo cha m'dziko panthawiyo, a Ken Zikhale Ng'oma, idatchulanso nkhawa za chitetezo. M'kamwa mwa boma, anthuwo "adabwezedwa".

Eni magolosale ambiri, kuyambira ku Mponela mpaka kwathu kuno kunyanja, adapumira m'mwamba. Dandaulo lawo lidali lakale, loti Maburundi amatsitsa mitengo mpaka mnzawo wa pakhomo pomwepo n'kutseka. Sitiwaseka ayi, pakuti amene adakhalapo tsiku lathunthu pakauntala osagulitsa ngakhale machesi amadziwa ululu wake. Komatu mayi amene ankatenga sopo ndi mchere pangongole pashopu ya mlendoyo, kapena mwini nyumba amene lendi idaduka mwadzidzidzi, amaikamba nkhaniyi ndi mawu ena, chikhalirecho onsewo ndi a msika umodzi.

Kwa wothawa kwawo, liwu loti "kubwezedwa" ndilo limapweteka. Mwana wobadwira ku Area 25, wolankhula Chichewa kuposa Kirundi, angabwerere bwanji kumalo amene sadawaonepo? Msasa umene adautsegula mu 1994 kuti uzisunga anthu osapitirira 12,000 udali kale ndi oposa 50,000, ndipo chaka chomwecho bungwe la WFP lidachepetsa thandizo la chakudya. Makontena a katundu pamsika wa Mgona adalandidwa, ana adasiya sukulu pakati pa teremu. Bungwe la UNHCR ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu adadandaula poyera. Kwa banja lotere, kumeneku kudali kuthawa kachiwiri, ulendo uno osamva ngakhale kulira kwa mfuti.

Amene tidawamva pang'ono ndi eni mapiriwo. Dzaleka isadakhale msasa idali ndende ya nthawi ya Kamuzu, kumene ankatsekerako omangidwa pa zandale komanso a Mboni za Yehova. Dzina lenilenilo likuchokera ku mawu a munthu wolapa, wolonjeza kuti adzaleka. Choncho gogo wa ku Dowa akaona galimoto ikukwera chitunda, itadzaza anthu, apolisi ali m'mbali, maso ake amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mdzukulu wake Dzaleka amaidziwa ndi msika wa Lachiwiri, kogulitsa tomato ndi mbatata, komanso chikondwerero cha Tumaini chimene chidayamba mu 2014. Kwa iye kuchuluka kwa anthu ndi malonda, ngakhale amayi ake akudandaula kuti nkhuni zikunka zitalikira. Mlimi wa mtedza ndi soya wa ku Ntchisi naye ali ndi funso lake, losakhudza pangano la 1951: kaya wogula uja wa ku Mgona adzabweranso?

Ife a kunyanja tili ndi chifukwa chapadera chomvetsera mofatsa. Mu Epulo 2015, chipolowe cholimbana ndi alendo chitabuka ku Durban, boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri mwa otsika m'mabasiwo adali ana athu a ku Mangochi. Kumeneko nakonso kudali eni nthaka onena kuti alendo akuwalanda ntchito ndi makasitomala. Nakonso boma lidayambitsa Operation Fiela, n'kunena kuti likungolimbana ndi umbanda ndi kukhazikitsa lamulo. Ife sitidaitchule choncho.

Zinthu ziwirizi sizofanana m'zonse. Ku Durban kudafa anthu m'manja mwa magulu olusa, pamene ku Lilongwe lidali dzanja la boma, ndipo ana athu adapita ku Joni kukasaka ganyu, osati kuthawa nkhondo. Komabe pali mabanja kwathu kuno amene nkhani zonse ziwiri amazikamba pamkeka umodzi, madzulo amodzi. Ikakhala ya Durban amati "adatithamangitsa", ikafika ya Dzaleka amati "adawabweza kwawo".