Maseŵera a Bowling

Ku America kuli maseŵera otchuka otchedwa bowling. Amafananako ndi nsikwa, koma m'malo mwa zitsononkho amaimika timitengo 10 kumapeto kwa kanjira kosalala kamatabwa, kotalika mamita 18. Woseŵera amagubuduza mpira wolemera, wina mpaka makilogalamu 7, kuti agwetse timitengoto.

Ophunzira kumene amayesa kuti chofunika ndi mphamvu. Amaponya mwaukali, maso ali pa timitengo, mpira n'kukagwera m'ngalande ya pambali. Akatswiri satero ai. Pakanjirapo adajambulapo timivi 7, mamita osakwana 5 kuchokera pamzere woponyera. Katswiri amasankha kamuvi kamodzi nayang'ana pomwepo, pakuti chinthu chapafupi sichivuta kulunjika. Amapondanso mapazi ofanana nthaŵi zonse, anai kapena asanu. Motero akaphonya amadziŵa pofunika kukonza.

Koma chovuta chenicheni chili mumtima. Maseŵera amodzi ali ndi zigawo 10, ndipo amene walephera kugwetsa timitengo tonse poyamba amaponyanso kachiŵiri. Ambiri akaona kamtengo kamodzi katatsala chiimire amapsa mtima, naponya mpira wachiŵiriwo mosasamala. Kumeneko ndi kutaya mwai, chifukwa wogwetsa totsalato amalandira mapointi 10, namuonjezeranso timitengo timene adzagwetse poponya kotsatira. Mapointi 300, amene ndiwo otsiriza, amafuna kugwetsa tonse ka 12 motsatizana, ndipo ngakhale akatswiri saŵapeza kaŵirikaŵiri. Tsono kamtengo kakatsala, katswiri amayamba wapuma pang'ono, nasuntha poima pake, nasankhanso kamuvi asanaponye.