Lilongwe amene timangomudutsa

Anthu ambiri a kuno ku Kasungu amati Lilongwe amamudziwa. Mukawafunsitsa mupeza kuti chomwe akudziwa ndi depoti ya mabasi, chipata cha chipatala cha Kamuzu Central, mzere wa ku ofesi ya mapasipoti ndi mpanda wa okushoni ku Kanengo. Ku likulu timapitako titasenza vuto, ndipo likangotha timathamangira basi kuti dzuwa litilowere tili kwathu. Mzinda womwe misonkho yathu ndi fodya wathu zathandiza kuumanga sitinaupatsepo tsiku n'limodzi lomwe loti tingouona.

Ine ntchito yanga ndi yoyenda ndi alendo m'nkhalango ya Kasungu, kunyamukira pa Lifupa, pomwe pali damu la mvuu. Nkhalangoyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo munthu wopanda womulozera atha kuizungulira tsiku lonse n'kungoona mitengo. Ngakhale njovu 263 zomwe zinabwera kuchokera ku Liwonde mu 2022 sizidikira munthu pamsewu. Mlendo amalipira kuti wina amuuze poima, poyang'ana ndi tanthauzo la chomwe akuonacho. Mzinda waukulu nawonso uli chimodzimodzi, ndipo iliko ntchito yoonetsa anthu mzinda pa galimoto.

Maulendo otere ali mitundu iwiri. Ku Cape Town ndi ku Johannesburg kuli mabasi ofiira opanda denga omwe amayenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mumagula tikiti, mumakwera ndi anthu osawadziwa, basi imaima pomwe kampani inakonza. Mtundu winawo ndi wa galimoto yapadera. Mumakhala inu nokha ndi banja lanu kapena anzanu, dalaivala, ndi munthu woudziwa mzindawo. Nthawi zambiri dalaivalayo ndiye amakhalanso wofotokoza. Njira mumagwirizana musananyamuke, koma chiwongolero chimamvera inu: pomwe pakusangalatsani mukhalitsa, pomwe palibe kanthu mudutsa. Makampani a zokopa alendo a ku Lilongwe amakonza maulendo otere, kungoti maso awo amakhala pa azungu ndipo mitengo amaitchula m'madola. Banja la Chimalawi litha kukambirana ndi mwini galimoto ya hayala yemwe wakulira mumzindamo, n'kupeza zomwezo pa makwacha.

Lilongwe sayendeka wapansi, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri yake. Boma la atsamunda linali ku Zomba. Lilongwe anali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, komwe lero timati Old Town. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda anaumirira kuti likulu lisamukire pakati, kuti chitukuko chisathere kummwera kokha. A Britain sanafune kulipira. Ngongole inachokera ku South Africa ya nthawi ya tsankho, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Okonza mapulani anafuna mzinda wotakasuka wa mitengo yambiri, choncho anamwaza zigawo zake patalipatali: maofesi a boma kwina, masitolo kwina, mafakitale kumpoto, pakati pake tchire. Madera anawapatsa manambala, koma manambalawo satsatana monga amayendera msewu. Mlendo woganiza kuti Area 47 ili kuseri kwenikweni kwa Area 25 chifukwa nambala yake ndi yaikulu amasochera dzuwa likuswa mtengo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, ndipo minibasi zomwe zimawanyamula zimalumikiza malokeshoni ndi Old Town; sizinapangidwire munthu wofuna kuchoka pa chipilala kupita pa chiliza.

Kwa ife ochokera kumpoto kwa mzindawu ulendo umayamba tisanalowe n'komwe. Kuchoka pa boma la Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kudutsa Chinkhoma, mtsinje wa Bua, Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, pomwe msewu wa ku bwalo la ndege la Kamuzu umapatukira. Kenako fungo limakuuzani lokha kuti mwafika ku Kanengo.

Apa m'pomwe ndimapempha aliyense wa kwathu kuti aime nthawi yaitali. Abale anga amalima fodya wa bale kunja kwa mpanda wa nkhalango ya Kasungu. Amafesa nazale dzinja lisanafike, amaokera ndi mvula yoyamba, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha, amadinda mabelo pa jeke. Mabelowo akakwera lole, ambiri a iwo sadziwanso chimachitika n'chiyani mpaka ndalama italowa ku banki. Mkati mwa okushoni mabelo amandandalikidwa m'mizere italiitali pansi pa denga limodzi. Ogula amayenda mbali imodzi ya mzere, wogulitsa mbali inayo akutchula mitengo mwaliwiro loti khutu losazolowera siligwirapo kanthu, ndipo thukuta la chaka chathunthu limapatsidwa mtengo m'kanthawi kochepa kuposa komwe mungamwere kapu ya madzi. Mtengowo ndi wa madola a ku America pa kilogalamu. Belo lomwe silinagulidwe limabwezedwa kuti likakonzedwenso, mlimi n'kumalipirabe zina. Masiku ano fodya wambiri amagulidwa pa kontirakiti, kampani itamupatsa kale mlimi feteleza pa ngongole, ndipo wokulozerani wabwino adzakuonetsani kusiyana kwa mizere ya kontirakiti ndi ya okushoni yeniyeni. Pafupi pomwepo pali mafakitale a Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, komanso nkhokwe zitalizitali za chimanga cha boma zomwe zimaonekera patali. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo n'kuyenda miyezi ingapo, ndipo salowa mwachisawawa: wokuyendetsaniyo apemphe chilolezo masiku akadalipo. Mwana wa mlimi woona zimenezi ndi maso ake amamvetsa chifukwa chomwe bambo ake amakalipira akaona tsamba la giredi ina litasakanizidwa m'belo.

Kuchoka ku Kanengo msewu umakufikitsani pa mlatho wa misewu yodutsana pamwamba ku Area 18, ndipo chapafupi pali chipilala chokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse. Patsogolo pake paima chiboliboli cha Kamuzu, litchowa lili m'manja. Malowa ndi okwera, ndipo apa mpomwe mumaona kuti mzindawu unamwazika bwanji. Capital Hill, komwe kuli maunduna, mungoyendamo pang'onopang'ono. Nyumba zake n'zofanana ndipo anthu ali pa ntchito.

Chiliza cha Kamuzu ndicho chimayesa wofotokoza ngati ali wodziwa kapena woloweza. Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, ndipo chilizachi chinatsegulidwa mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Nsanamira zake zinayi zikuimira ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Manda omwe alendo amaona pamwamba ndi chifaniziro chabe, thupi lili chapansi. Woloweza amathera pamenepa. Ife a ku Kasungu timafika pamalowa ndi mtima wina, poti munthuyu ndi wakwathu: nyumba yake ya Nguru ya Nawambe timaiona tikamadutsa, Kamuzu Academy ku Mtunthama ilipo chitsegulidwire mu 1981. Koma Aaron Gadama nayenso anali wa ku Kasungu, ndipo anaphedwa ku Mwanza mu 1983 pamodzi ndi Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Wofotokoza yemwe angatchule misewu ndi zipatala n'kudumpha ndende ya Mikuyu, za ku Mwanza ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 wakubisirani theka la nkhani, ndipo ana omwe mwabwera nawo akuyenera kuimva yonse.

Nyumba ya Malamulo ili pafupi kwambiri ndi chilizacho. Nayo ili ndi nkhani yake. Likulu litasamuka, aphungu anapitirizabe kukumana ku Zomba kwa zaka zambiri. Nthawi ya Bakili Muluzi ankakumanira m'nyumba yachifumu ya ku Lilongwe, mpaka Bingu anaitenga kuti azikhalamo. Nyumba yomwe ilipo lero inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, Malawi itasiya ubale wake ndi Taiwan, ndipo inatsegulidwa mu 2010. Holo ya misonkhano ya Bingu ndi hotela yayitali yoyandikana nayo, komanso bwalo la masewero la Bingu lomwe linatsegulidwa mu 2017, zonse zili ndi dzanja la China. Munthu woyenda mtunda waufupi umenewu amaona ndi maso kuti ndalama zomangira likulu lathu zakhala zikuchokera kuti pa nyengo iliyonse. Chenjezo limodzi: pa nyumba za boma, makamaka ku State House ndi malo a asilikali, funsani musanatulutse foni kuti mujambule.

Pakati pa City Centre ndi Old Town pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe muli Lilongwe Wildlife Centre. Amasamalirako nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa, zina n'kudzazibwezera kutchire, kuphatikizapo kwathu kuno ku Kasungu. Ndi malo abwino opumulirako masana, makamaka ngati muli ndi ana.

Ku Old Town galimoto iimikidwe, mutsike. Misika ya m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, wa Tsoka ndi wa Lizulu, saionera pa windo. Timilatho tamitengo tomwe anthu anakhoma okha pa mtsinjewo timaolotsa munthu akalipira kandalama, ndipo tsidya lililonse kuli kaunjika, zitsulo za galimoto, usipa, tomato, mbatata. Msewu wa Malangalanga uli ndi masitolo a amwenye omwe ena mwa iwo mabanja awo anafika likulu lisanabwere. Apa wokulozerani amagwira ntchito ziwiri, kufotokoza ndi kuyang'anira matumba anu, chifukwa pamene pali khamu akuba sasowa.

Pali malo amodzi omwe ambiri okonza maulendowa sakonda kupitako, koma ine ndimati ngofunika. Mtandire wagundana ndi Area 47. Mbali iyi mipanda ya njerwa ndi udzu wothiriridwa, mbali inayo nyumba zothithikana ndi amayi pa mzere wa pa kiyosiki ya madzi. Alonda, ophika ndi olima maluwa a m'nyumba zikuluzikuluzo ambiri amagona kumeneko, monganso ku Kauma, Mgona ndi Chinsapo. Mapulani a 1968 sanawaganizire mokwanira anthu amenewa, koma ndiwo amauyendetsa mzindawu. Kupitako kukhale kwaulemu. Musatsitse galasi n'kumajambula anthu ngati zinthu zachilendo. Pitani ndi munthu wodziwika kumeneko, perekani moni, gulani kanthu pamsika. Achinyamata a kwathu ambiri amalota zothawira ku Lilongwe fodya akavuta. Ndi bwino aone komwe akafikire asanagulitse njinga.

Za ndalama zikambidwe galimoto isanalizidwe. Mtengo womwe mwagwirizanawo ndi wa maola angati? Mafuta agula ndani, nanga akasowa pa filingi siteshoni n'kukhala pa mzere, nthawi imeneyo iwerengedwa kwa yani? Zolipira pa zipata ndi chakudya cha dalaivala zili momwemo kapena n'zapadera? Mafunso amenewa amaoneka ngati umbombo m'mawa, koma ndiwo amaletsa mkangano madzulo. Onani ngati galimotoyo ili ndi inshuwalansi ndi COF yosatha ntchito, komanso ngati ili yololedwa kunyamula anthu olipira. Mukamatumiza ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani gawo lochepa, zotsalazo mupereke ulendo utatha. Mabanja awiri kapena gulu la kumpingo likasonkherana, mtengo wa munthu mmodzi umatsika kwambiri.

Chovuta kuposa zonse ndi kusankha munthu. Kudziwa njira zachidule zozembera mzere wa magalimoto si kudziwa mzinda. Muyeseni pa foni ndi funso limodzi kapena awiri: likulu linasamuka liti, chifukwa chiyani Old Town ili kutali ndi Capital Hill? Wonena kuti "zimenezo sindikudziwa, bambo, koma ndifunsa" ndi wodalirika kusiyana ndi woyankha chilichonse mosaphethira. Mumuuzenso kuti ndinu ndani. Mlimi, mphunzitsi wobwera ndi ana a Sitandade 8 ndi agogo ofuna kuona manda a Ngwazi safuna njira imodzi, ndipo ubwino wonse wa galimoto yapadera uli pamenepo. Nyamukani anthu atalowa kale m'maofesi, ndipo mukhale mutachoka ku Old Town asanaweruke, chifukwa nthawi zimenezo mlatho wa Lilongwe umadzaza.

Tsiku limodzi likwanira kuona zonse ndatchulazi, bola musapanikize zogula ndi zoona abale pa tsiku lomwelo. Alimi a kwathu, ndalama za fodya zikalowa chaka chino, patulani pang'ono musanagule malata ndi feteleza. Tengani mayi a kunyumba ndi ana, mukayambire ku Kanengo msika usanatsekedwe.