Difu loko ikakana kumasuka, nyundo si mankhwala

Mvula ikakhazikika kuyambira mwezi wa Disembala mpaka Malichi, misewu ya m'midzi yozungulira Massangulo, m'boma la Ngauma, imasanduka phala. Msewu waukulu wa N13 wochoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo kukafika ku Lichinga tsopano ndi wa tala, koma timisewu tolowera ku minda ya fodya ndi chimanga, ku zipatala zing'onozing'ono ndi ku misika ya m'malire tikadali ta dothi. Galimoto imodzi, kaya ndi ambulansi kaya ya matola, imayenda m'matope m'mawa, masana n'kukhala ili pa tala. Apa ndi pamene kachipangizo kotchedwa difu loko kamavutitsa madalaivala ambiri.

Difu ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala awiri kunsi kwa galimoto. Ntchito yake ndi kulola kuti pokhota, tayala lakunja lizungulire msanga kuposa lamkati, popeza ulendo wake ndi wautali. Koma m'matope difu yomweyo imasanduka mdani: tayala limodzi likaterera, mphamvu imathawira komweko, linzake lomwe laponda pouma n'kungokhala duu. Difu loko imamanga matayala awiriwo kuti azungulire pamodzi, ndipo galimoto imatuluka m'thope. Ikatuluka, loko iyenera kumasulidwa isanafike pouma.

Maloko alipo amitundumitundu. Toyota Land Cruiser 70, yomwe idayamba kupangidwa m'chaka cha 1984 ndipo mabungwe ndi zipatala zambiri amaidalira, ina imabwera ndi loko yamagetsi: dalaivala amapotoza swichi, kenaka kamota kakang'ono komangiriridwa pa difu kamakankha mano achitsulo kuti alumane. Land Rover Defender yakale, imene adasiya kupanga mu 2016, ili ndi loko yapakati yomanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo amaitsekera ndi giya yaing'ono. Mathirakitala ambiri ali ndi chopondera pansi pa chidendene cha kumanja. Malole akuluakulu ambiri amagwiritsa ntchito mpweya.

Loko ikakakamira, galimoto imadziulula yokha. Pokhota matayala amalira ndi kukwekwesa pansi, galimoto imafuna kungopita chamtsogolo ngakhale mwapotoza chiwongolero, ndipo kagetsi ka loko sikazima. Kuumiriza ulendo pa tala zili chomwechi ndi kudziputira tsoka. Matayala amadyeka msanga, shafuti ikhoza kuthyoka, ndipo pa khona galimoto yodzaza anthu ikhoza kusiya msewu. Shafuti ikathyokera pa Massangulo, ina ikachokere ku Lichinga, ku Cuamba, mwinanso ku Nampula kapena kutsidya kwa malire kudzera pa Chiponde. Masiku onsewo mudzi umakhala wopanda galimoto yotengera mayi wapakati ku chipatala.

Kawirikawiri loko imakhala isanaonongeke. Chimachitika ndi chakuti galimoto yayenda pang'ono pouma loko ili yotseka, zitsulo n'kukungika ngati chingwe chopotedwa, ndipo mano aja amalumana mwamphamvu kotero kuti sipuling'i yowabweza imalephera. Mankhwala ake ndi kufewetsa, osati kumenya. Dalaivala azimitse swichi ya loko, abwerere pa dothi lofewa kapena pa mchenga, ayende pang'onopang'ono chamtsogolo, kenaka abwerere chambuyo mamita angapo, akupotoza chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Nthawi zambiri pamamveka kakuti "kha", kagetsi n'kuzima. Pa Land Rover kubwerera chambuyo ndi kumene kumathandiza kwambiri. Pa thirakitala, kupondako pang'ono buleki ya tayala limodzi kumamasula chopondera chija.

Izi zikakanika, pafunika jeke. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, tchingani matayala enawo ndi miyala ikuluikulu, ndipo kwezani tayala limodzi lakumbuyo. Anthu aime patali, makamaka ana, chifukwa tayala likangochoka pansi likhoza kudzambatuka lokha pamene zitsulo zikumasuka. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yomwe yangodalira jeke. Pa Land Cruiser, mukatero mukhozanso kudziwa zoona zake: giya ili pa nyutirolo, handibuleki itachotsedwa, zungulitsani tayalalo ndi manja. Likazungulira, loko yamasuka, ndipo ngati kagetsi kakuyakabe ndiye kuti konama ndi kaswichi kodziwitsa, osati loko. Likakana, mwina loko ikadali yotseka.

Zikafika apo, yang'anani zamagetsi, kuyambira pa zotsika mtengo. Choyamba ndi fyuzi. Chachiwiri ndi mawaya otsikira ku difu, omwe zitsa ndi miyala zimakonda kudula. Chachitatu ndi pulagi ya pa kamota kaja, imene imadzaza matope n'kuchita dzimbiri. Itsukeni, iume bwino, ndipo muibwezere. Wina apotoze swichi, wina atchere khutu pafupi ndi difu. Kamota kakamalira koma loko osasuntha, vuto lili m'kati. Kakangokhala chete, mwina magetsi sakufika kapena kamotako kagwidwa ndi dzimbiri. Pa malole a mpweya, mverani ngati paipi ikutaya mpweya.

Mdani wamkulu wa maloko kuno ndi madzi. Difu ikatentha ndi ulendo, kenaka n'kumizidwa mwadzidzidzi powoloka mtsinje, imazizira ndi kuyamwa madzi kudzera pa kapaipi kopumira kapena pa masilo okutha. Tsegulani pothirira oilo muone: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo oiloyo achotsedwe msanga, muthire wina wa magiya monga 80W-90 kapena amene buku la galimotoyo likunena. Kumasula kamota ndi kukankha mano ndi dzanja ndi ntchito ya makaniko wodziwa, popeza kamotako kali ndi kabwezeredwe kake. Safunsa adadya phula: amene amathamangira nyundo ndi chizulo amang'amba chigoba cha kamota, vuto laling'ono n'kusanduka lodya ndalama zambiri.

Ngati palibe kuchitira mwina, monga pamene m'galimoto muli wodwala, ulendo ukhoza kupitirira koma mwa kachetechete: katundu achepetsedwe, liwiro likhale lochepa kwambiri, makhona akhotedwe motambasuka, ndipo pomwe kuli kotheka matayala aponde dothi la m'mbali mwa msewu. Loko yakutsogolo ndiyo yoopsa koposa, chifukwa imalimbitsa chiwongolero. Ikakakamira ndi bwino kuitana thandizo.

Kupewa n'kosavuta. Loko itsekedwe galimoto itaima kapena ikukwawa, osati matayala akuzungulira mwaukali m'thope; Toyota imalangiza kuti loko ili yotseka liwiro lisapitirire makilomita 8 pa ola. Imasulidwe pongotuluka pamalo ovutawo, tala asanayambe. Matayala akhale ofanana kukula ndi mpweya womwe. M'chilimwe, pamene loko imakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, itsekedwe ndi kumasulidwa pa dothi kamodzi pa mwezi kuti dzimbiri lisapeze malo. Matope akunsi atsukidwe asanaume.

Nanunso okwera muli ndi mbali yanu. Mukaona adalaivala atuluka m'thope n'kuyamba kupita kutsogolo ndi kumbuyo m'malo mothamanga, musawakalipire kuti akuchedwetsani ku msika wa Mandimba. Akumasula loko. Mphindi zisanu zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi kugona m'tchire, kudikira shafuti yochokera ku Lichinga.